Kodi DNA yachilendo imalowa bwanji mu DNA yathu?

FUNSANI APHUNZITSI A SAYANSI

Makalata anayi a mwezi uno alembedwa ndi anthu osadziwana, koma onse akukhudza nkhani imodzi, ndiye ndawaika pamodzi.

FUNSO: Aphunzitsi, ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka zambiri osadumphitsa. Akandiyeza magazi amati tizilombo sitikuonekanso. Nditafunsa ngati ndingasiye kumwa, anamwino anandiuza kuti ayi, chifukwa kachilombo kanalowa mu DNA yanga. Pambuyo panga panali anthu ambiri odikira moti sindinafunsenso. Kachilombo kangalowe bwanji mu DNA ya munthu? Ngati sikakuoneka, kali pati? — Bambo wa ana atatu

YANKHO: Bambo, anamwinowo anakuuzani zoona, ndipo chonde musasiye mankhwalawo. Koma si bwino kuti munthu azimwa mankhwala moyo wake wonse popanda womufotokozera chifukwa chake, ndiye tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Pafupifupi m'selo lililonse la thupi lanu muli kachipinda kotchedwa nyukiliyasi, ndipo ndi mmene DNA imakhala. DNA ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo pazingwezo pamandandalikana timagawo tamitundu inayi timene timatilemba ndi zilembo A, C, G ndi T. Mwa munthu zingwezi zinagawidwa m'makromozomu 46. Zilembo zimene munalandira kwa amayi anu zokha zimakwana 3 biliyoni, za kwa abambo anu chimodzimodzi. Kachilombo ka HIV kali ndi zilembo pafupifupi 9,700 basi, ndipo zake zili pa RNA, yomwe imafanana ndi DNA koma ndi ya chingwe chimodzi.

Kachilomboka kakamalowa m'selo la CD4, asilikali a m'thupi aja, sikabwera chimanjamanja. Kamanyamula puloteni yotchedwa reverse transcriptase, imene imawerenga RNA ya kachilombo n'kulemba uthenga womwewo pa DNA. Kale akatswiri ankakhulupirira kuti uthenga umangochoka pa DNA kupita pa RNA, osabwerera. Howard Temin atanena mu 1964 kuti mavairasi ena amachita zotembenuza n'kukabisala mu DNA ya selo, ambiri sanamukhulupirire. Mu 1970 iye ndi David Baltimore, aliyense mu labotale yake, anaipeza puloteniyi, ndipo mu 1975 analandira mphoto ya Nobel.

Mwini nkhani yathu ndi puloteni yachiwiri, integrase. Iyi imagwira nsonga ziwiri za DNA yatsopano ija n'kudulako zilembo ziwiriziwiri kuti nsongazo zikhale zokonzeka kumamatira. Kenako, m'kati mwa nyukiliyasi, imadula zingwe zonse ziwiri za DNA yanu, koma osati pamalo ofanana: china imachidula apa, chinacho imachidula zilembo zisanu kutsogolo, ndipo nthawi yomweyo imalumikiza nsonga za kachilombo pomwe yadulapo. Mbali zonse ziwiri pamatsala timipata. Wotseka timipatato si kachilombo ayi, ndi selo lanu lomwe. Selo lili ndi mapuloteni amene ntchito yawo ndi kukonza DNA ikawonongeka, ndipo akapeza mpata amangoutseka osafufuza kuti walowapo ndani. Zimakhala ngati chigamba chosokedwa ndi nsalu ndiponso ulusi wofanana ndendende ndi wa malayawo, choti ngakhale mwini wake sangachiloze. Mu labotale chimene chimatisonyeza malire ake ndi zilembo zisanu zija, zimene timazipeza zitabwerezedwa kumayambiriro ndi kumapeto kwa DNA ya kachilombo. Komanso sikalowa chisawawa. Puloteni ya selo lanu yotchedwa LEDGF imakokera integrase ku majini (zigawo za DNA zokhala ndi malangizo opangira mapuloteni) amene akugwira ntchito nthawi imeneyo, komwe uthenga wa kachilombo ungawerengedwe msanga.

Kuyambira pamenepo selo limawerenga zilembo za kachilombo ngati zake, n'kumapanga tizilombo tatsopano. Likagawikana, limazikoperanso n'kupatsira maselo obadwawo. Maselo ambiri otere amafa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri. Vuto lili pa ochepa amene safa koma amagona. Awa ndi maselo a CD4 amene ntchito yawo ndi kukumbukira matenda omwe thupi linakumanapo nawo, ndipo amakhala zaka zambiri ali phee, kachilombo kali m'kati, osapanga chilichonse chimene chitetezo cha m'thupi kapena makina oyezera magazi angachione. Magulu atatu a ofufuza a ku America anasonyeza zimenezi mu 1997 mwa anthu amene ankamwa mankhwala bwinobwino. Ndi maselo ochepa kwambiri, mwina limodzi pa maselo ogona 1 miliyoni, ndipo zilembo zambiri za kachilombo zimene zinalowa n'zolumala, sizingapangenso kanthu. Koma zamoyozo zimachepa mochedwa zedi: pamatenga miyezi pafupifupi 44 kuti theka lithe, moti kuti zonse zithe zokha pangadutse zaka zoposa 70.

Ma ARV sadula zimene zinalowa kale. Amatseka njira kuti zisalowe m'maselo ena. Tenofovir ndi lamivudine amasokoneza reverse transcriptase, pomwe dolutegravir amagwira integrase pa nthawi imene ikufuna kulumikiza nsonga zija. Mankhwala oyamba olimbana ndi integrase, raltegravir, anavomerezedwa mu 2007, dolutegravir mu 2013, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linalangiza kuti dolutegravir ndiye akhale woyambira kwa anthu ambiri. Selo logona likadzuka inu mukumwa mankhwala, tizilombo timene lapanga timasowa kolowa. Mukasiya, mwa anthu ambiri tizilombo timaonekanso m'magazi pasanathe mwezi.

Mwina munamvapo za Timothy Ray Brown, amene anachira HIV ku Berlin. Iye anali ndi khansa ya m'magazi, ndipo mu 2007 madokotala anapha maselo ake a m'mafuta a m'mafupa n'kumuika a munthu wina amene mwachibadwa analibe khomo lotchedwa CCR5, lomwe kachilombo kamalowera. Kachilombo sanakachotse mu DNA. Anachotsa maselo amene anali nako. Chithandizo chimenechi chimapha anthu ena, n'chifukwa chake chimaperekedwa kwa okhawo amene khansa ikuwaopseza kale moyo. Inu amene tizilombo sitikuoneka muli pabwino kuposa pamenepo, ndipo malinga ngati zikhala choncho simungapatsire mnzanu kachilomboka pogonana.

Ndiwonjezere mawu kwa owerenga ena. Popeza kachilombo kakakhazikika m'maselo ogona sikachokanso, mankhwala a PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 kuchokera pamene munthu wakhala pachiopsezo, ndipo amamwedwa masiku 28. Kuchedwa ndi tsiku limodzi si nkhani yaing'ono.

FUNSO: Ndine woyembekezera ndipo ndili ndi HIV. Ndinamva kuti mwana amatenga theka la DNA yake kwa mayi. Ndiye ngati kachilombo kali mu DNA yanga, si ndiye kuti mwana wanga wakatenga kale? — Mayi woyembekezera koyamba

YANKHO: Mayi, mtima m'malo. DNA imene mwana amatenga kwa inu ndi ya m'dzira, ndipo ya kwa bambo ake ndi ya mu umuna. Kachilombo ka HIV kamalowa mu DNA ya maselo a chitetezo cha m'thupi, osati ya dzira. Mwana akakatenga, amakatenga ngati matenda opatsirana: ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Popanda chithandizo chilichonse ana 15 mpaka 45 pa 100 alionse amakatenga, koma mayi akamamwa mankhwala mokhulupirika ndiponso mwana akalandira ake, chiwerengerocho chimatsika kufika pansi pa 5. Ngati tizilombo tatsika mwa inu mpaka kusaoneka, mwayi woti mwana abadwe wopanda kachilombo ndi waukulu kwambiri.

Koma funso lanu si lopanda pake, chifukwa zimene mukuopazo zinachitikapo ndi mavairasi ena kalekale. Vairasi ina ya m'banja limodzi ndi HIV ikalowa mu DNA ya dzira kapena ya umuna, mwana wobadwayo amakhala nayo m'selo lililonse, ndipo amapatsira ana ake. Akatswiri atawerenga DNA yonse ya munthu anapeza kuti magawo 8 pa 100 alionse ndi zotsalira za mavairasi amene analowa mwa makolo athu zaka mamiliyoni zapitazo. Yerekezerani ndi mbali imene imalemba mapuloteni athu onse, yomwe sikwana n'komwe magawo 2 pa 100. Zotsalirazi zinalumala kale, ndipo palibe yomwe ikudziwika kuti imapanga vairasi yopatsirana mwa anthu lero.

Zina thupi linazisandutsa zake, ndipo chimodzi chikugwira ntchito mwa inu panopa. Mu 2000 ofufuza anapeza kuti puloteni yotchedwa syncytin, imene imaphatikiza maselo a nsengwa kuti apange khungu lopyapyala lodutsira chakudya ndi mpweya kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, imachokera ku jini la vairasi yakale. Vairasiyo inkaigwiritsa ntchito pomamatira ku selo. Mbewa zili ndi jini lake lofanana nalo, ndipo ofufuza a ku France atalichotsa, tiana tinafera m'mimba. Ine ndakhala ndikuphunzitsa zimenezi kwa nthawi yaitali, koma mpaka lero ndikafika pamenepa ndimaima kaye.

Kwa nyama zina zikuchitika pano. Ma koala a ku Australia ali ndi vairasi yotchedwa KoRV imene ili m'kati molowa m'mtundu wawo: a kumpoto kwa dzikolo onse amabadwa nayo, pomwe ena a kum'mwera alibe. Mwa anthu, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse amabadwa ndi vairasi ya HHV-6 itamamatira kunsonga kwa kromozomu, yochokera kwa kholo lake, ndipo ambiri amakalamba osadziwa.

FUNSO: Mlamu wanga amakana katemera aliyense. Amati katemera wa COVID-19 amasintha DNA ya munthu, ndipo kudya mbewu za GMO (zosinthidwa majini) kumalowetsa majini achilendo m'thupi. Tikamakangana ndimasowa chomuyankha. — Owerenga anu a nthawi zonse

YANKHO: Achimwene, mlamu wanuyo asanyozedwe, chifukwa mfundo yoti DNA yachilendo ingalowe mu ya munthu si nthano. Chimene wasokoneza ndi kulowa m'thupi ndi kulowa mu DNA. Kuti chachiwirichi chichitike pamafunika zitatu: chinthucho chikhale DNA, chifike mu nyukiliyasi, ndipo DNA ya selo idulidwe kuti pakhale polumikiza.

Tiyambe ndi chakudya, chifukwa yankho lake ndi lalifupi. Chilichonse chimene chinali chamoyo chili ndi DNA, kaya ndi chomera kaya nyama, ndipo anthu akhala akuidya chiyambire. M'matumbo imaphwanyidwa kukhala tizidutswa. DNA ya mbewu ya GMO ndi ya zilembo zinayi zomwe zija ndipo imagayidwa mofanana. Munthu angakhale ndi zifukwa zina zotsutsira GMO, monga za amene ali ndi ulamuliro pa mbewu, ndipo zimenezo n'zoyenera kukambirana, koma ichi si chimodzi mwa izo.

Katemera wa Pfizer ndi Moderna ali ndi mRNA, yomwe ndi mtundu wa RNA, osati DNA. Imagwira ntchito kunja kwa nyukiliyasi, siinyamula reverse transcriptase kapena integrase, ndipo selo limaiphwanya. Wa AstraZeneca ndi Johnson & Johnson ankafikitsadi DNA mu nyukiliyasi pogwiritsa ntchito adenovirus yofooketsedwa, koma vairasi imeneyi ilibe integrase, ndipo DNA yake imakhala payokha mpaka kutha. Ma adenovirus wamba amene amatidwalitsa chimfine amafikitsa DNA yawo komweko, m'maselo ambiri kuposa a katemera.

Pali njira ina yolowera yosafuna integrase, ndipo ndikufuna mlamu wanu aimve bwino. DNA yathu imaduka yokha kawirikawiri, ndipo selo limathamangira kulumikiza nsonga zoduka. Ngati pafupi pali kachidutswa ka DNA yachilendo kokhala ndi nsonga zosalumikizidwa, mwangozi kangathe kutsekeredwa pomwepo. Pa nthawi imodzi mwayi wake ndi wochepa kwambiri. Umakula pamene vairasi yakhala m'maselo mamiliyoni kwa zaka zambiri ikuchulukana, ndipo ndi zimene zimachitika ndi HPV (vairasi yoyambitsa khansa ya khomo la chiberekero) ndi hepatitis B.

DNA ya HPV ndi yozungulira, ndipo kawirikawiri imakhala payokha mu nyukiliyasi mpaka thupi litaigonjetsa. Mwa amayi ena imakhalitsa, ndipo tsiku lina mkombero uja umaduka n'kulowa mu kromozomu. Nthawi zambiri umadukira pa jini lotchedwa E2, lomwe ndi limene limaletsa majini ena awiri, E6 ndi E7, kugwira ntchito mopitirira. E2 likawonongeka, E6 imawononga puloteni ya p53 ndipo E7 imafooketsa ya pRb, zomwe ndi zotetezera selo kuti lisamangogawikana. Umu ndi mmene khansa zambiri za khomo la chiberekero zimayambira. Harald zur Hausen wa ku Germany, amene anasonyeza kugwirizana kwa HPV ndi khansayi, analandira mphoto ya Nobel mu 2008, ndipo mitundu iwiri yokha, HPV 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi. Hepatitis B nayo imasiya zidutswa za DNA yake m'makromozomu a maselo a chiwindi, nthawi zina pafupi ndi jini la TERT limene limalola selo kugawikana osakalamba, ndipo zidutswazi zimapezeka m'khansa zambiri za chiwindi za anthu amene ali ndi vairasiyi.

Matenda onse awiriwa ali ndi katemera, wa hepatitis B kuyambira m'ma 1980, wa HPV kuyambira 2006. Onse ndi a puloteni, ndipo sangachulukane m'thupi. Ndiye munthu amene akuopadi kuti DNA yachilendo ingalowe mu ya mwana wake, ameneyo ndiye woyenera kukhala patsogolo kumubayitsa. Zimandipweteka ndikamva kuti mtsikana wamanidwa katemera wa HPV chifukwa cha mantha amene katemerayo ndiye akanawathetsa.

Za GMO ndiwonjezereko mmene jini limalowera m'chomera, chifukwa njirayo anthu anachita kuiphunzira kwa bakiteriya wa m'nthaka, Agrobacterium tumefaciens. Chomera chikavulala, bakiteriyayu amadula chidutswa cha DNA yake chotchedwa T-DNA, chomwe malire ake ndi zilembo 25 mbali iliyonse, n'kuchiponyera m'selo la chomeracho. Mapuloteni okonza DNA a chomera ndi amene amachilumikiza. Majini a pachidutswacho amachititsa kuti pamalopo pamere chotupa chimene chimapangira bakiteriyayo chakudya. Mary-Dell Chilton ndi anzake anasonyeza zimenezi mu 1977, ndipo pofika 1983 iye, gulu la Marc Van Montagu ndi Jeff Schell ku Ghent m'dziko la Belgium, ndi enanso anali atachotsa majini a chotupa n'kuikamo amene ankafuna. Mu 2015 ofufuza a ku Ghent ndi a ku Lima m'dziko la Peru atayeza mitundu 291 ya mbatata yolimidwa, anapeza T-DNA ya Agrobacterium mu yonse. Inalowa yokha kalekale, popanda labotale.

FUNSO: Ndikuphunzira unamwino. M'kalasi anatiuza kuti madokotala amagwiritsa ntchito mavairasi polowetsa majini abwino mwa odwala. Kodi angasankhe malo amene jinilo likalowe? — Wophunzira wa chaka chachiwiri

YANKHO: Mwana wanga, wafunsa pamene pagona vuto lenileni. Mavairasi ena amasankha malo. Vairasi ya lambda, imene imagwira bakiteriya wa E. coli, imalowa pamalo amodzi okha a kromozomu yake ndipo ikhoza kutulukanso mwaukhondo. Allan Campbell analongosola mmene zimachitikira mu 1962. Bakiteriya wa kolera nayenso poizoni wake amachokera ku vairasi yotchedwa CTX imene imalowa pamalo odziwika a DNA yake, monga anasonyezera Matthew Waldor ndi John Mekalanos mu 1996. Wopanda vairasiyo sapanga poizoni amene amatsegula m'mimba mpaka munthu kutha madzi m'thupi.

Mavairasi amene timagwiritsa ntchito mwa anthu sasankha chonchi, ndipo tinaphunzira zimenezi mowawa. Kuyambira chakumapeto kwa ma 1990, madokotala ku Paris, kenako ku London, anathandiza ana aamuna 20 obadwa opanda chitetezo cha m'thupi, matenda otchedwa SCID-X1. Anatenga maselo a m'mafuta a m'mafupa a anawo, kulowetsamo jini labwino pogwiritsa ntchito retrovirus (vairasi ya m'banja limodzi ndi HIV), n'kuwabwezera. Ambiri anapeza chitetezo n'kuyamba kukhala ngati ana ena onse. Koma m'zaka zotsatira asanu ndi mmodzi anadwala khansa ya m'magazi, ndipo mmodzi anamwalira. Mwa ambiri a iwo vairasi inali italowa pafupi ndi jini lotchedwa LMO2. Kunsonga kwa DNA ya vairasiyo kunali zilembo zolimbikitsa majini kugwira ntchito mwamphamvu, ndipo zinadzutsa jini loyandikana nalo limene linkayenera kukhala chete. Jini lochiritsa linalibe vuto. Vuto linali pamalo pamene linagwera.

Zonyamulira majini za masiku ano zinachotsedwa zilembo zolimbikitsa zija, ndipo zambiri zinapangidwa kuchokera ku HIV yomwe: anachotsa majini ake onse odwalitsa n'kusunga luso lake lolowetsa DNA. Mankhwala a Kymriah, amene anavomerezedwa ku America mu 2017 kwa ana ndi achinyamata odwala khansa ya m'magazi, amapangidwa motero. Maselo a chitetezo a wodwalayo amalowetsedwa jini lowathandiza kuzindikira khansa, kenako amabwezeredwa m'thupi mwake.

Kusankha malo kumatheka ndi CRISPR, imene Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna anasonyeza mu 2012 kuti ikhoza kutumidwa kukadula DNA pamalo amene munthu wafuna. Kudula n'kosavuta. Kulowetsapo jini lathunthu n'kovutirapo, chifukwa kumadalira kuti selo likonze podukapo pokopera chidutswa chimene mwalipatsa, chokhala ndi nsonga zofanana ndi za pamalopo, ndipo maselo ambiri, makamaka amene sakugawikana, amangolumikiza nsonga mwachangu osakopera kanthu. Ukadzayamba ntchito n'kukumana ndi wodwala amene analandira jini lolowa mu DNA, usadzadabwe kuona akuitanidwabe kukayezedwa magazi patapita nthawi yaitali: bungwe la FDA la ku America limalangiza kuti odwala otere azitsatiridwa mpaka zaka 15, kuti ngati selo limodzi layamba kuchulukana mosayenera lidziwike msanga.